Tayala la 2.6 pa limu yopapatiza, kodi ndi chimene chikundigwetsa pa makona?

Kapalasa92 analemba:

Abale anzanga opalasa zam'mapiri, ndithandizeni maganizo chifukwa nkhani iyi yandisowetsa mtendere masabata atatu tsopano. Njinga yanga ndi hardtail, yopanda shoko kumbuyo, ya mawilo a mainchi 29, ndinagula kwa munthu itayendapo kale, inabwera ndi matayala a mainchi 2.2 m'lifupi, mano ake atatheratu moti pa fumbi imangoterereka ngati uli pa sopo. Ndiye poona kuti aliyense akungoti tayala lalikulu ndiye limagwira bwino ndinadzimana nkugula awiri a 2.6 a mano akuluakulu, ndinati vutoli ndithane nalo kamodzi nkamodzi, nkuwaika tubeless, opanda chubu, onse awiri.

Poyenda molunjika sindikunama ndi bho kwambiri, pa miyala ndi pa mizu njinga ikungoyandama, manja sakuwawanso ngati kale. Koma vuto lili pokhota. Ndikangoigoneka njinga pa kona ndili pa liwiro ndimamva ngati tayala lakutsogolo likupindika pansi panga, ngati likufuna kuvuka pa limu, kenako limabwerera mwadzidzidzi nkundiponyera kunja kwa kanjira. Ndagwa kawiri, kachiwiriko ndasupuka chigongono ndithu. Lakumbuyo nalo tsiku lina ndili pa mpweya wa 20 psi linangoti pfuu pa kona mpweya kutuluka, silanti, timadzi totseka mabowo tija, mbwee m'mbali mwa tayala, ndinachita kupopera kunjira. Ndikapopa kufika 30 kapena 32 psi kupindikako kumasiya koma ndiye njinga imangodumphadumpha pa miyala ngati mpira, kugwira kuja ndinagulira matayalawa osakuonanso.

Mnzanga wina wandiuza kuti limu yanga ndi yaing'ono pa tayala limeneli. Pa limupo pali kasitika kolembedwa 622x21, manambalawa sindikuwamvetsa bwinobwino. Ine ndimalemera 82 kg. Kodi zoona limu ingachititse zonsezi kapena ndi kapalasidwe kanga? Ndipo ngati ndi limu, ndisinthe matayala kapena mawilo? Zikomo.

Makaniko_Wakale analemba:

Pepani ndi chigongonocho achimwene. Mnzanuyo wakuuzani zoona, ndipo yankho lili pa kasitika komweko. 622 ndi kukula kwa mkombero m'mamilimita poyeza pamene mlomo wa tayala umakhala, mawilo onse a 29 ndi 622, a 27.5 ndi 584, a 26 akale aja ndi 559. Pamene 21 ndi m'lifupi mwa limu m'kati, kuchokera khoma lina kufika khoma linalo, ndipo nambala imeneyi ndi yomwe ili ndi ntchito pa nkhani yanuyi, osati kuyeza kunja kwa limu monga ambiri amachitira. Kunja kumanamiza chifukwa makoma a malimu amasiyana kukhuthala, ya kaboni imatha kuoneka yaikulu kunja m'kati muli mochepa.

Tsopano yang'anani m'mbali mwa tayala lanulo mupeza palembedwa 65-622 kapena 66-622. Inchi imodzi ndi 25.4 mm ndiye 2.6 ndi pafupifupi 66 mm. Ndiye kuti tayala lanu ndi lalikulu kuposa katatu poyerekeza ndi pamene lakhazikika. Taganizirani bowa, kamwendo kowonda chipewa chachikulu, ndi mmene tayala lanulo likuonekera mutati mulidule pakati. Makoma ake akungochoka pa limu nkutuzumukira kunja m'malo moima chilili. Poyenda molunjika palibe vuto chifukwa kulemera kwanu kukupondereza kuchokera pamwamba, mpweya ukunyamula. Koma pa kona nthaka imagwira mano a tayala nkuwakokera m'kati mwa kona pamene inu ndi njinga mukukankhira limu kunja, ndiye khoma lomwe lapindika kale lilibe potsamira, limangogudubuzika pansi pa limu. Ndi kupindika mukumvako. Likapindika kwambiri limakoka mlomo wa tayala kuuchotsa pa mpando wake kwa kamphindi, mpweya nkuthawa, ndiyo pfuu ija. Tsiku lina likhoza kuvukiratu, ndipo ngati ndi kutsogolo pa mtsetse sizabwino olo pang'ono, chonde musamayendenso pa 20 psi ndi malimu amenewo.

Mukhoza kudzionera nokha pakhomo pomwepo. Ikani 20 psi, imani pambali pa njinga, igonekeni ngati mukukhota nkukankhira handulo pansi ndi mphamvu zanu zonse wina akuyang'ana tayala pansipo. Muona limu ikusuntha kupita m'mbali mano ali pomwepo osasuntha.

Chomwe chimandimvetsa chisoni nchoti phindu lonse la tayala lalikulu lili poti umatha kuchepetsa mpweya kuti liphwatalale pansi, mano ambiri akhudze nthaka nkumakumbatira miyala m'malo moidumpha. Pa limu yopapatiza chokhacho choletsa tayala kupindika ndi mpweya wambiri, ndiye mwanyamula kulemera kwa 2.6 koma ubwino wake simukuulawa.

Mmene ine ndimawerengera pa ntchito, m'kati mwa limu muzikhala cha m'ma theka la kukula kwa tayala, kuchepera pang'ono palibe kanthu. Limu ya 19 mpaka 23 imakhala bwino ndi 2.0 kufika 2.25, mwina 2.3 ngati khoma lake ndi lolimba. Ya 25 kapena 27 imanyamula 2.25 mpaka 2.4 popanda dandaulo. Ya 30 ndi yomwe njinga zambiri zam'mapiri za mtundu wa trail ndi enduro zikubwera nayo masiku ano chifukwa imalandira chilichonse kuyambira 2.3 mpaka 2.6. Ya 35 ndi ya 2.5 kufika 2.8, ndipo za 40 ndi 45 zija zinabwera ndi matayala a plus a 2.8 ndi 3.0 cha m'ma 2015, pano sizikuonekanso kwambiri. Awa si malamulo a m'mwala ayi, kampani iliyonse ya malimu ndi matayala ili ndi tchati chake ndipo zimasiyana pang'onopang'ono, matchati ena amalola tayala lalikulu kwambiri pa limu yaing'ono koma iwo amakhala akunena kuti likwana, sakunena kuti likhota bwino.

Langizo langa lachidule, ngati mawilo ali bwino osapindika, gulitsani ma 2.6 wo akadali atsopano mupeze 2.25 kapena 2.3 a mano abwino. Mudabwa kuti tayala laling'onolo likugwira kuposa lalikulu.

Mtsetse_Basi analemba:

Madala afotokoza bwino ndipo pa 21 ndi 2.6 sinditsutsa, apo zanyanya. Koma ine ndimadana nazo zoti nkhani yonse tiziikankhira pa limu ngati kuti opanda limu ya 30 sangakhote. Anthu a downhill, mpikisano wotsika mapiri, akhala akuthamanga zaka zambirimbiri ndi matayala a 2.5 pa malimu a 25 mm kapena kucheperapo, pa liwiro loti ife sitidzalifika. Limu ya DT Swiss EX 471 ija m'kati mwake ndi 25 basi, ndipo ndi yomwe katswiri wa downhill Aaron Gwin anatsika nayo phiri ku Leogang ku Austria mu 2014 tayala lakumbuyo litavuka, anamaliza mpikisano akuyenda pa limu yokhayokha. Nanga iwowo matayala awo samapindika bwanji pa makona? Chinsinsi ndi khoma la tayala aise. Matayala a downhill nsalu yake yam'kati imakhala yophatikiza kawiri, ukaligwira ndi dzanja lisanaikidwe pa limu limaima lokha, pamene awa opepuka timagula ambirife khoma lake limakhala ngati pepala.

Ndipo matayala ambiri a 2.6 amawapanga ndi khoma lopyapyala dala kuti asalemere kwambiri, chifukwa labalayo ndi wambiri kale. Ndiye iwe Kapalasa waphatikiza zinthu zitatu, limu yopapatiza, tayala lalitali, khoma lofewa, kuonjezera 82 kg pamwamba. Tayang'ana zomwe zalembedwa m'mbalimo. Ku kampani ya matayala ya Maxxis makoma amayamba EXO yopepuka, kenako EXO+, kenako DoubleDown, kumalizira DH. Ku kampani ya Schwalbe kuli Super Ground, Super Trail, Super Gravity mpaka Super Downhill. Ukamakwera makwererowa tayala likulemera komanso likuuma khoma, ndipo umatha kutsitsa mpweya osaopa kupindika kapena kumenyetsa limu pa mwala. Ine ndimayenda ndi 2.4 ya khoma lolimba pa limu ya 27 ndipo sindinamvepo kupindika olo kamodzi, pa chitunda ndiye ndimalipira ndi thukuta koma ndinavomera.

Chinanso chomwe anthu sakamba ndi kayalidwe ka mano. Pali matayala ena monga Minion DHF omwe pakati pa mano apakati ndi mano am'mbali pali kampata kopanda kanthu. Ukaigoneka njinga mwamantha, theka theka, umakhala uli pa kampatako ndipo umamva ngati yataya kaye, uyenera kuigoneka molimba mtima kuti mano am'mbali alume. Pa tayala lina lotchedwa Assegai anaikamo timano tina pa mpatapo ndiye imagwira mosadukiza. Tsono pa limu yopapatiza tayala limazungulira kwambiri ngati dzira, mano am'mbali amathawira kutali m'mphepete, ndiye kuti uwafike uyenera kugoneka njinga mopitirira muyeso ndipo ukamawafika khoma limakhala layamba kale kugonja. Nchifukwa chake ukumva kutaya kenako kubwerera mwadzidzidzi.

Ngati sukufuna kutaya ma 2.6 wo pali ma insert, thovu lolimba lija amaika m'kati mwa tayala ngati CushCore, limatchinjiriza limu komanso limatsamiritsa khoma nkupanikiza mlomo wa tayala kuti usachoke. Koma ndisakunamize, pa limu ya 21 kulilowetsa ndi nkhondo ndipo ambiri a iwo anapangidwira malimu otambalala kuposa pamenepo, ndiye sindikuona ngati ndi njira yako.

Ndipo osaiwala labala. Wofewa ngati MaxxGrip kapena Addix Ultra Soft amamata pa mwala wonyowa ndi pa mizu kuposa wolimba olo tayala likhale laling'ono, kungoti amatha msanga. Kutsogolo ndiye koyenera wofewa, kumbuyo ika wolimbirako.

Chemwali_XC analemba:

Ine ndikufuna ndikuchenjezeni za mbali inayo, chifukwa mukamva kuti limu yotambalala ndiyabwino mukhoza kuthamangira yaikulu kwambiri ngati mmene ndinachitira ine. Ndinapeza mawilo a 35 m'kati ndikuganiza kuti ndapata, nkuikapo matayala anga a 2.25 omwe ndimawakonda chifukwa ndi opepuka pa chitunda. Tayala linasanduka bokosi. Pamwamba panaphwatalala, mano am'mbali omwe amayenera kudikira kona anayamba kukhudza pansi ndikuyenda molunjika, njinga kulemera kupalasa ngati mabuleki akugwira, ndipo manowo anadyeka miyezi yochepa chabe. Pokhota poyamba zimaoneka ngati zili bwino chifukwa imaluma msanga ukangopendeketsa pang'ono, koma ukapitiriza kugoneka mano amakhala atha, watsala pa khoma losalala, ndipo imataya kamodzi osakuchenjeza. Kupindika kwanuko bola kumakuuzako kuti zinthu zikuvuta, uku kumangokupeza uli pansi.

Choipa china makoma a tayala anatulukira kunja kuposa mano, ndiye mwala uliwonse wakuthwa umayamba kukhudza khoma. Ndinang'amba awiri, ndipo kung'ambika kwa m'mbali silanti satseka. Limu nayo imakhala pambalambanda, ndinaipinda mlomo pa mwala woti kale ndimangodutsapo. Pano mawilo amenewo ndinawaika 2.6 ndipo ali bwinobwino, pa njinga yampikisano ndinabwerera ku limu ya 25 ndi tayala la 2.25, ngakhale ndikuona anthu ambiri a XC, mpikisano wa njinga zopepuka wokwera ndi kutsika, pano akupita ku malimu a 28 kapena 30 ndi matayala a 2.4.

Kanthu kena, musamakhulupirire nambala yolembedwa pa tayala. Ndili ndi caliper, kachipangizo koyezera m'lifupi, ndipo ndimayeza lililonse, 2.4 ya kampani ina imatha kufanana ndi 2.3 ya kampani ina, ena amayeza pa mano ena pa thupi la tayala. Komanso tayala lomwelo limakula likaikidwa pa limu yotambalala, mwa kuyeza kwanga limu ikakula ndi mamilimita 10 tayala limaonjezera cha m'ma 4. Ndipo latsopano limafutukukabe pang'ono likagona usiku ndi mpweya, ndiye muziyeza mawa lake osati tsiku loika.

Izi ndikunena chifukwa cha fulemu. Mwati njingayo inabwera ndi 2.2 ndi malimu a 21, ndiye ndi yakalekale ndithu, mwaona mpata womwe watsala kumbuyo pakati pa tayala ndi fulemu pafupi ndi makilanki? Pamafunika mamilimita 5 kapena 6 mbali iliyonse, chifukwa wilo imapindikako pa kona ndipo matope amamatirira. Mukaika limu ya 30 pa 2.6 yomweyo tayala lifufuma kuposa pano, likhoza kuyamba kupala fulemu, pa aluminiyamu limadya penti kenako chitsulo chenichenicho. Yang'ananinso foloko, pansi pa kauta kaja komanso pamwamba foloko ikabonyera mpaka pothera.

Za mpweya, ine ndimalemera 58 kg ndiye manambala anga sangakuthandizeni, ndimayenda 18 psi kutsogolo 20 kumbuyo. Koma kapezedwe kake ndi kamodzi, sankhani kanjira kakafupi kokhala ndi kona imodzi yothina ndi miyala pang'ono, yambani ndi mpweya wambiri, muzitsitsa 1 psi ulendo uliwonse mpaka mumve kupindika kapena limu kugunda, kenako bwezeranimo 2. Ndipo pezani geji yapadera ya digito, mageji a pa pampu ambiri m'manambala otsikawa amangoyerekeza, mwina 20 mukunenayo si 20 nkomwe.

Kapalasa92 analemba:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Ndayesa zomwe munanena a Makaniko, mng'ono wanga amayang'ana pansi ine ndikukankha, akuti limu imachita kusuntha pafupifupi chala chathunthu tayala lili pomwepo, ndiye ndakhulupirira. Ndapanikizanso khoma la tayala ndi chala ndipo zoona a Mtsetse ndi lofewa kwambiri, ndi mtundu wopepukitsitsa uja, ine pogula ndimangoyang'ana 2.6 basi zinazo sindimadziwa kuti zili ndi tanthauzo.

Chemwali mwandipulumutsa pa za fulemu. Ndatembenuza njinga ndapeza kumbuyo mbali ya tcheni penti yayamba kale kuchoka, mpata wake rula ikuonetsa ngati 3 mm. Kutsogolo kuli malo ambiri, foloko ndi yatsopanoko mwini wakale anasintha. Ndiye kumbuyo 2.6 ikuchoka basi palibe zokambirana. Funso langa tsopano ndi lakuti, kodi ndingasinthe limu yakutsogolo yokha kuika ya 30 nkusiya 2.6 kutsogoloko, kumbuyo nkuika 2.25 pa limu yakale yomweyi? Sizikhala zopenga njinga kukhala ndi malimu osiyana? Komanso habu yanga ili bwino, ndingangogula mkombero wokha nkumangitsa pa habu ndi masipoko omwewa?

Makaniko_Wakale analemba:

Palibe chopenga achimwene, anthu ambiri amachita dala zimenezo. Kutsogolo ndi komwe kumafuna kugwira kwambiri chifukwa lakumbuyo likaterereka umatha kuwongola koma lakutsogolo likataya ndiye wagwa. Ndiye limu yotambalala ndi tayala lalikulu kutsogolo, chopepuka ndi chothamanga kumbuyo, ndi nzeru yabwino makamaka pamene fulemu yakana kale. Kutsogolo kudzakwera ndi mamilimita ochepa chabe poyerekeza ndi kumbuyo, pa mtsetse zimenezo zimathandiza kumene.

Za kumanga pa habu yakale zimatheka koma pali zoti muone kaye. Choyamba werengani mabowo, ngati habu ndi ya masipoko 32 limu nayo ikhale ya 32, ya 28 siilowa. Chachiwiri ndi nambala ina yotchedwa ERD, ndiko kukula kwa mkombero poyeza pamene mitu ya masipoko imathera. Malimu awiri onse a 622 amatha kusiyana ERD chifukwa ina ndi yakuya ina yosaya. Ikasiyana ndi milimita imodzi kapena ziwiri masipoko akale amatha kugwira, kupitirira apo amakhala aafupi kapena aatali, aafupi amadula manipo chifukwa ulusi sunalowe wokwanira, aatali amathera ulusi wilo isanakungike ndipo amatha kuboola tepi. Ine ngati njinga ndi yakale ndimakonda kuika masipoko atsopano ndi manipo atsopano, chifukwa akale atopa kale ndipo ntchito yomanga ndi imodzimodzi, kulibwino kuigwira kamodzi. Nthawi zina mukawerengera mkombero, masipoko ndi wokumangirani mupeza kuti wilo yathunthu yomangamanga siisiyana kwenikweni, pamenepo ingoonetsetsani kuti habu yake ikugwirizana ndi foloko yanu, kaya m'lifupi mwake ndi 100 mm kaya ndi yotambalala ija ya Boost ya 110 mm, ekiselo ya 15 kapena kwiki rilizi yakale ija, ndi mamangidwe a disiki, mabawuti 6 kapena Center Lock.

Tepi ya tubeless musabwereze ya pa limu yakale, ndi yopapatiza. Pa limu ya 30 tengani ya 32 kapena 33, chifukwa imayenera kutsikira mu ngalande yapakati ija nkukafikabe ku makoma onse awiri. Tepi yoperewera ndi gwero lina la mpweya wothawa pa kona, anthu amanamizira tayala pamene vuto ndi tepi. Pukutani limu iume bwino musanamate, ndipo muikoke zolimba.

Pa zomwe wanena Mtsetse za khoma ndikugwirizana naye, kungoti ndionjezere kuti ma 2.5 akale a downhill aja ukawayeza ambiri samafika 2.5 yeniyeni, anali ocheperako, ndiye pa limu ya 25 sanali bowa ngati mmene manambala akumvekera. Matayala ambiri atsopanowa anajambulidwa poganizira limu yotambalala. Maxxis amachita kulemba WT pa ena a 2.4 ndi 2.5, kutanthauza kuti mano ake anawayala kuti akhale pa malo oyenera pa limu ya 30 mpaka 35. Ndiye pogula la kumbuyo lija onetsetsani kuti si la WT, mukufuna wamba la 2.25 kapena 2.3. Ndipo popeza ndi hardtail ndipo kulemera kwanu kwambiri kumathera kumbuyo popanda shoko, tengani la khoma lapakatikati osati lopepukitsitsa, pa limu ya 21 khoma ndi lomwe likugwirireni ntchito yomwe limu ikulephera. Yambirani cha m'ma 27 kapena 28 psi kumbuyo nkumatsika monga wanenera Chemwali. Kutsogolo pa limu ya 30 ndi 2.6 yofewayo yambirani 23 psi, ndikukhulupirira mukathera pa 21 kapena 22.

La 2.6 linalo musagulitse, sungani, lidzalowa kutsogolo ili likatha.

Mtsetse_Basi analemba:

Apo madala mwandigwira, zoona ma 2.5 akale anali ang'ono, ndimakumbuka ndikuyerekeza lakale ndi latsopano pa limu imodzi kusiyana kumaoneka ndi maso. Komabe Kapalasa lakutsogolo likadzatha udzayese 2.4 kapena 2.5 ya khoma lolimbirako pa limu ya 30 yomweyo usanaike 2.6 inayo, pa nthaka youma yolimba ine ndimaona ngati imalondola mzere bwino, 2.6 imakoma pa mchenga ndi pa nsangalabwi zotayirira. Ndipo pa kona phazi lakunja pansi, kulemera pa pedulo imeneyo, goneka njinga osati thupi, uyang'ane kotulukira. Utagwa kawiri thupi limayamba kuthawira kumbuyo lokha ndipo tayala lakutsogolo likapanda kulemera limataya olo limu ikhale yabwino chotani.

Kapalasa92 analemba:

Ndabweranso patatha masabata awiri. Ndinamangitsa mkombero wa 30 pa habu yakale, masipoko anafunikadi atsopano chifukwa akale anali aatali ndi 4 mm. Nditaika 2.6 yomwe ija ndinachita kudabwa kuliona, makoma aima chilili ndipo mano am'mbali abwera m'mwamba pamene ndikuwaona ndili pa chishalo, kale amabisala m'mphepete. Kumbuyo ndaika 2.25 ya khoma lapakati pa limu yakale, mpata wa fulemu pano ndi 7 mm mbali zonse, pomwe penti inachoka ndamatapo tepi.

Ndinagula geji ya digito ndipo Chemwali munanena zoona, pampu yanga ikamati 20 geji ikuti 17, ndiye tsiku lomwe mpweya unathawa lija ndinali pansi kuposa mmene ndimaganizira. Ndabwereza kona yomwe inandigwetsa ija kokwana kasanu ndi katatu ndikutsitsa pang'onopang'ono, kutsogolo ndayamba kumva kufewa pa 19 ndiye ndakhazikika pa 21, kumbuyo limu inagunda mwala pa 24 ndiye ndili pa 26. Maulendo awiri oyamba ndimagwirabe buleki pakati pa kona chifukwa cha mantha, ndimachita kudziuza mokweza kuti phazi lakunja pansi, koma kuyambira wachinayi ndadutsa osagwira ndipo tayala silinasunthe.

Chomwe chatsala nchoti lakumbuyo likuzungulira pachabe pa chitunda chotsetsereka cha fumbi ndikaimirira pa mapedulo, 2.6 ija pamenepo imakwera bwinoko. A Makaniko, 2.3 ya mano otalikirako ingakwane pa mpata wa 7 mm umenewu kapena ndingophunzira kukwera nditakhala pansi?